Akuti ndi kozi ya ogawa ufa

Mtsikana wina wa ku Ngabu wandilembera imelo sabata yathayi. Wakhoza bwino MSCE, akufuna kulemba Public Administration kapena Social Work pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma, koma amalume ake amene amamulipirira fizi akuti imeneyo ndi kozi ya ogawa ufa, bola unamwino kapena uphunzitsi. Funso lake ndi loti, kodi ntchito yake iliko?

Mchemwali wanga, ndinawerenga imelo yako kawiri kenako ndinangoika foni pansi, chifukwa mawu a amalume akowo ndinawamvapo kwa bambo anga omwe. Iwo moyo wawo onse anali odula nzimbe ku Nchalo, nde tsiku lomwe ndinawauza kuti andisankha ku Chancellor College kukaphunzira za kayendetsedwe ka boma anandiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti, ukamaliza uzidzagwira chani m'manjamu? Munthu wozolowera chikwanje amafuna aone chogwirika. Ine yankho ndinalibe, ndinangokwera basi pa Dyeratu, kukwera mapiri aja a pa Thabwa, mpaka ku Zomba komwe June woyamba ndinkagona ndi juzi ziwiri anzanga nkumandiseka kuti wakuchigwa wafika.

Mkalasi tinaphunzira zambiri ndithu, za katswiri wa ku Germany Max Weber ndi ma ofesi ake otsata malamulo olembedwa, za bajeti, za lamulo la maboma ang'ono la 1998 lomwe linabweretsa zija timati mphamvu ku anthu, kuti chitukuko chiziyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), chipite ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) kwa a T/A, kenako ku khonsolo kwa a DC. Pa bolodi zimaoneka zokongola, mivi yonse kuloza mmwamba. Ndinamaliza, ndinavala gauni, ndinabwerera kumudzi nkukhala zaka ziwiri ndikulemba makalata ofunsira ntchito osayankhidwa olo imodzi, bambo osayankhula kanthu koma kumangotsokomola ndikamadutsa. Apa amalume ako sakunama, ndisakunamize.

Kenako January 2015 madzi anabwera. Shire ndi Ruo zinakumana zonse zitakwiya, anthu a ku Makhanga akuwatulutsa pa mabwato, ndipo bungwe lina linanditenga mongodzipereka kuti ndizilemba maina pa kampu ina kufupi ndi Bangula. Tsiku lachitatu kunabwera agogo ena ndi adzukulu anayi, dzina lawo mkaundula mulibe. Bwana amene ankatiyang'anira, wochokera kutauni, anangoti ngati mulibe mulibe, anthu akuno amakonda zaulere, chaka chilichonse timawauza asamuke samamva. Agogo aja akufotokoza mu Chisena, bwana sakumva olo liwu limodzi, ine ndili pakati ndi bolopeni. Chomwe ankanena nchoti amene analemba maina anadumpha nyumba yawo chifukwa cha mkangano wakale wa dimba, ndipo zakusamukazo anati kumtunda malo ndi a eni ake, ukalima chani pouma paja, kudimba timakolola kawiri, manda a amuna anga ali konko. Ndinapita kukafufuza kwa anyakwawa, tinakonza, anatenga thumba lawo la ufa nkunena kuti takhuta mwananga, ndiye zikomo wa mu Chisena. Inde, ndinagawa ufa. Koma tsiku limenelo mpamene ndinamvetsa kuti nkhani yonse ya kozi yanga ili pa funso loti akulemba maina ndani, akuwaona ndani, nanga wosiyidwa akadandaule kwa yani.

Nde apa ndiyankhule mosapsatira. Chigwa chino chavutika mokwanira ndi anthu amene amatipangira mapulani asanapondeko matope athu. Namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 amene anaononga mpaka malo opangira magetsi a ku Kapichira dziko lonse nkukhala mumdima, Freddy mu 2023, ulendo uliwonse magalimoto oyera amatsika, ma wekishopu amachitikira kumalo kozizira bwino, alawansi nkusainidwa, lipoti nkulembedwa mu Chingerezi chokoma chonena za ife. Ena akawatumiza kuno amaona ngati chilango, amangowerenga masiku kudikira transifa, October akafika kutentha kuja ndiye basi ofesi imatsekedwa mumtima. Sindikuti onse, alipo ena ochokera kutali amene ndinawaona akuoloka madzi ofika mchiuno. Koma mwana wobadwira kuno, amene anadyapo nyika chaka cha njala, amene akudziwa kuti East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, mvula ikagwa sikufikika, amalemba pulani yosiyana. Ndipo tikamawathamangitsira ana athu onse ku unamwino, mipando imeneyi azikhalapo ndani? Unamwino ndi wabwino, mlongo wanga ndi namwino ndipo amandibwereka ndalama mpaka lero, koma mankhwala akasowa pa chipatala vuto limakhala lili pa desiki ya munthu wina amene anaphunzira kapena sanaphunzire zomwe ukufuna kuphunzirazo.

Komanso zinandiwawa kuti amalumewo akunyoza kugawa ufa ngati kuti ndi masewera. Akayese kuima kutsogolo kwa anthu anjala ali ndi matumba osakwana.

Tsono kozi ziwirizi nzosiyana

Public Administration ndi ya ma ofesi, malamulo, bajeti, kuyang'anira antchito, ndipo ku University of Malawi (Chanco yakale ija, mayina anasintha mu 2021) ili limodzi ndi za ndale. Social Work ndi ya munthu payekha, mwana amene akumukwatitsa asanakwane zaka 18, mayi womenyedwa, banja la pa Mtukula Pakhomo womwe unayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo lamulo la ana la 2010 uzidzalidziwa ngati Atate Athu. Kozi imeneyi iliko ku Zomba komanso ku Catholic University ku Nguludi, ndipo Magomero College ku Chiradzulu imaphunzitsanso za chitukuko cha m'madera ngati poyinti yavuta. Mmene walembera imelo yako, momwe wafotokozera za mnzako amene anasiya sukulu fomu 2, ine ndikuona Social Work, koma mtima ngwako.

Ntchito zake ndi ku makhonsolo, ku ofesi za Social Welfare, mmaunduna ndi mmabungwe, koma sizibwera msanga ayi. Lemba loni ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama za sukulu kwa ophunzira a ku yunivesite, ukangosankhidwa, pa holide usamagone, kadzipereke ku ofesi ya Social Welfare pa boma kapena ku komiti ya zangozi ya kwanu, phunzira Excel ndi kulemba lipoti, Chisena chakocho usachichite manyazi pa CV. Amalume usakangane nawo, apeze madzulo atadya, upite ndi amayi ako, uwaonetse fomu yonse ndipo uphunzitsi uikepo pa chisankho china kuti mtima wawo ukhale pansi. Ukasankhidwa undiuze, juzi imodzi ya ku Zomba ija ndikadali nayo.