Dzina la mtengo ndinalisunga, muyezo unapita ndi agogo

Mayi ena a ku Lilongwe anditumizira imelo. Akufuna kuphunzira mankhwala azitsamba a mitengo yathu yomwe ino, ndiye akufunsa ngati pali gulu la pa WhatsApp lomwe ndingawalozere.

Mayi, funso lanuli landitsegula chilonda, chifukwa ine mphunzitsi ndinali naye pakhomo koma ndinamutaya ndikuona. Agogo anga aakazi, kwathu ku Dedza, ankandidzutsa mame asanakamuke kuti ndikawanyamulire kakhasu kuthengo. Ndinkapita monyinyirika, mtima uli ku mpira. Akafika pa muwawani sankasenda khungwa kuzungulira thunthu, ankangotema kachigamba kum'mawa, kena kumadzulo, basi. Akadula muzu ankakwirira dzenje ndi phazi. Ine ndinkati ndi zamizimu chabe. Ndadziwira kuukulu kuti mtengo ukausenda kuzungulira umauma, ndipo mawa mulibe pokatenga.

Agogo atatisiya, tsiku lina m'mimba munandipota. Ndinawiritsa makungwa a muwawani ndekha mpaka madzi kuda bii, n'kugugudiza kapu yodzaza, poganiza kuti kuwawako ndiye mphamvu. Masiku awiri njira yanga inali ya kuchimbudzi yokha. Iwo ankapatsa munthu pang'ono, koma pang'onopo ndi pati? Sindinawafunsepo.

N'chifukwa chake magazi amandiwira ndikamva amalonda a m'mabasi aja, botolo limodzi lopanda dzina akuti likuchiza shuga, BP, zilonda za m'mimba ndi kusabereka komwe. Ndi akuba, sindibisa mawu. Magulu ambiri a pa WhatsApp ndi omwewo, angosintha pokhala. Amakonda kunena kuti zachilengedwe sizipweteka. Nanga mwabvi, umene makolo ankamwetsa oganiziridwa ufiti anthu n'kumafa, si mtengo wa m'nkhalango? Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa. Mwanamphepo, yemwe ena amamwetsa amayi oyembekezera kuti matenda ayambe msanga, anamwino amadandaula naye tsiku ndi tsiku chifukwa amatha kung'ambitsa chiberekero.

Ndipo poti mwati "mitengo yathu": nimu ndi chammwamba, zomwe aliyense akutamanda masiku ano, kwawo ndi ku India. Sindikuzinyoza, chammwamba ndimadya ngati ndiwo. Koma gondolosi wathu weniweni akukumbidwa mosasiya mbewu, kudzaza m'misika, wobzala osaoneka. Izi n'za tsiku lina.

Za malungo tisakanganepo. Mankhwala a LA omwe timalandira kuchipatala, mbali yake ina inachokera ku chitsamba cha ku China, koma anayezedwa, muyezo wake ukudziwika. Mwana akatentha thupi, thamangani naye akamuyeze magazi, musayambe mwafuna mphika.

Nanga poyambira?

Pezani munthu wachikulire wa kwanu amene anthu amamukhulupirira, muziyenda naye kuthengo mutatenga kope. Yambani ndi mitengo isanu yokha. Lembani dzina, mbali yomwe amatenga, kakonzedwe, muyezo, ndi amene sayenera kumwa. Popeza dzina limodzi limatha kutchulidwa pa mitengo iwiri yosiyana, umitsani tsamba ndi duwa pakati pa manyuzipepala, mukafunse ku National Herbarium ku Zomba, komwe akatswiri amasunga ndi kuzindikira zomera. Ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a BP, auzeni adokotala musanalawe kalikonse. Choyamba kuyesa chikhale mpungabwi wothamangitsira udzudzu, poti umenewo simumwa.