Msana wa mwana wopalasa bwato: kodi tepi ndi kuwongola minofu n'zokwanira?

Mayi wina wandilembera imelo yonena kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 15, amene amachita masewera opalasa bwato, wakhala akumva ululu m'munsi mwa msana kwa milungu itatu. Mphunzitsi wake akuti azingowongola minofu ndi kumata tepi, ndipo mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira.

Mayi, njira ziwirizi zimathandiza pang'ono, koma sizichotsa gwero la vutolo. Pa mpikisano wa mamita 2,000 wopalasa amakoka nkhafi maulendo oposa 200, ndipo ulendo uliwonse mphamvu yochokera m'miyendo imadutsa m'mafupa asanu a m'munsi mwa msana iye ali chiweramire. Pa msinkhu wa mwana wanuyu mafupa amatalika msanga, minofu yakumbuyo kwa ntchafu n'kukungika, moti chiuno chimalephera kupendekera kutsogolo ndipo msana ndiwo umapindika. Apa m'pamene pali phindu la kuwongola minofu. Akatenthetsa thupi ndi masewera opepuka, agone chagada, akweze mwendo umodzi osapinda bondo kufikira atamva kukoka kosapweteka, akhale choncho masekondi 30, ndipo achite katatu mwendo uliwonse.

Tepi yotanuka ya Kinesio, imene anayambitsa Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ingachepetse ululu kwa kanthawi, komanso imakoka khungu n'kumukumbutsa mwana akayamba kupinda msana. Fupa siilimbitsa ayi. Ikayamba kuyabwa aichotse. Nkhawa yanga ndi yakuti tepi imam'limbitsa mtima wopitiriza kupalasa pamene thupi likufuna kupuma, n'chifukwa chake ndikadakonda kuti mphunzitsi ayambe wam'chepetsera ntchito, makamaka pa makina opalasira pamtunda, pakuti kukhalapo mphindi zoposa 30 osapumira kumatopetsa minofu yochirikiza msana.

Komabe milungu itatu ndi yambiri kwa mwana amene akukula. Achinyamata ena ochita masewera amachita mng'alu waung'ono pa fupa la msana, vuto limene madokotala amalitcha spondylolysis, ndipo nthawi zambiri ululu wake umakula munthu akapindikira kumbuyo. Pitani naye kwa dokotala kuti akamuunike asanabwerere m'bwato. Ngati akumva dzanzi m'miyendo, miyendo ikufooka, ululu ukumudzutsa usiku, kapena akuvutika kukodza, pitani naye lero lomwe.