Sofa yopinda ngati mwezi: musabwereke musanadziwe zomwe inadya

Funso: Zikomo alangizi. Ndine kalipentala, shedi yanga ili m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nchalo. Kwa zaka 6 ndakhala ndikukhoma masofa wamba okhala anthu atatu. Imodzi ndimagulitsa K400,000, zipangizo zimadya pafupifupi K260,000, ndipo ndimamaliza m'masiku 4. Mwezi wathawu alamu anga anandionetsa chithunzi cha pa Facebook cha sofa yopinda ngati mwezi, ndinawakhomera pa K520,000. Inanditengera masiku 9 koma aliyense woiona akuigomera. Apereka K370,000, yotsalayo akuti apereka. Tsopano ndikufuna kubwereka K1,200,000 ku banki m'khonde ya mayi akunyumba pa 20 peresenti pamwezi, kuti ndikhome zitatu zoonetsa pamsewu: ya mwezi, ya L, ndi ina yooneka ngati bwato. Ndiyambe ndi iti, nanga nsalu ikhale ya mtundu wanji? Takhuta.

Yankho: Bambo a pa Nchalo, za mtundu wa nsalu zidikire kaye. Makalata ngati yanuyi amabwera ambiri, ndipo onse amafunsa za maonekedwe chilonda chili m'thumba. Mwalemba bwinobwino kuti sofa wamba imadya K260,000. Ya mweziyo simunalembe kuti inadya zingati, ndipo sikuti mwaiwala ayi, simukudziwa. Munangotenga K400,000 n'kuwonjezerapo K120,000 chifukwa ndi yokongola, n'kumayenda mukumva ngati mwapha makwacha. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengo ndingoyerekeza, inu muikepo ya lero yomwe ili pa malisiti anu, ngati malisitiwo alipo.

Nsalu ya masofa imabwera pa mpukutu wa mamita pafupifupi 1.4 m'lifupi. Pa sofa yowongoka mumadula zidutswa za makona anayi, chotsala n'chochepa. Pa yopinda, pokhalira ndi potsamira pamafuna zidutswa zazikulu kumbuyo, zopanikizika kutsogolo, ndipo pakati pa chidutswa ndi chinzake pamatsala nsanza zosasokeka. Ikakhala veleveti ndiye zimanyanya, chifukwa ubweya wake umagonera mbali imodzi. Mukatembenuza chidutswa chimodzi kuti mupulumutse nsalu, dzuwa likawala pabalaza chimaoneka ngati cha mtundu wina, kasitomala n'kumati munamuphatikizira nsalu ziwiri. Choncho pomwe wamba imadya mamita 10, ya mwezi imafika 14. Pa K9,000 mita imodzi, ndi K36,000 yowonjezera.

Siponji nayo imagulitsidwa ya makona anayi. Kuti mutulutsemo kachigawo ka mwezi mumataya makona onse, ndiye pamafunika ina yathunthu, tinene K45,000. Felemu ndiye nkhani yaikulu. Thabwa la paini simungalicheke mopinda n'kuyembekeza kuti lipirira: pomwe macheka adutsa mopingasa mitsempha ya thabwa ndi pomwe lidzathyokere tsiku lomwe pakhale alendo anayi. Chopinda cholimba chimachokera ku pulayiwudi ya mamilimita 18, zigawo ziwiri zomatidwa ndi guluu n'kumangidwa ndi masikuluwu, ndi nthiti za thabwa pa masentimita 30 aliwonse. Mapulayiwudi awiri, kuchotsapo matabwa omwe simunagule, tiikepo K60,000. Ndipo ndikukayika ngati nsalu inakwana ulendo woyamba. Mwachidziwikire munakweranso phiri la Thabwa kukaonjezera ku Limbe: K25,000 ya thiransipoti ndi nkhomaliro.

Kuphatikiza zonse, 260 ndi 36 ndi 45 ndi 60 ndi 25, zikukwana K426,000. Pa K520,000 mukutsala ndi K94,000 ya masiku 9, kutanthauza K10,000 ndi kanthu kochepa patsiku. Sofa wamba ija mukuinyoza imakusiyirani K140,000 m'masiku 4, yomwe ndi K35,000 patsiku. M'masiku 9 omwewo mukanakhoma ziwiri n'kuyamba yachitatu. Komanso K94,000 ija ili m'kamwa mwa alamu. Yomwe yalowa m'manja mwanu ndi K370,000, yomwe yatuluka ndi K426,000. Lero lino inuyo ndi amene mwawasonkhera alamu K56,000 kuti akhale pabwino, kuphatikizapo masiku 9 a thukuta laulere.

Ndiye mukufuna kubwereka kuti muchite zomwezi katatu.

K1,200,000 pa 20 peresenti ndi K240,000 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokha. Ndi phindu la masofa wamba pafupifupi awiri, pomwe inu mudzakhala mwasiya kukhoma wambawo kwa mwezi wathunthu chifukwa manja ali pa zoonetsa. Zikakhala pamsewu miyezi 3 osagulidwa, chiwongoladzanja chafika K720,000, mpamba osaukhudza. Ndalama ya banki m'khonde ndi ya mandasi, tomato ndi usipa, zinthu zotuluka m'mawa n'kubwera madzulo. Si ya katundu wodikira munthu mmodzi pa anthu 100 yemwe ali ndi pabalaza pokwana sofa ya mwezi. Ndipo dzina lolembedwa m'buku la gulu ndi la mayi, osati lanu. Tsiku logawana ndi iwo adzakhale pamphasa maso onse ali pa iwo, ndipo amayi a gulu akadzabwera kudzanyamula katundu adzayambira mbuzi za pakhomo, osati sofa ya bwato.

Kuonjezera apo, kuonetsa sofa pamsewu wa ku Chigwa cha Shire si kuonetsa sofa mu Blantyre. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Veleveti yakuda kapena yofiira ikakhala padzuwa masabata ochepa imasuluka mbali yoyang'ana kumsewu. Leza, nsalu yooneka ngati chikopa ija, imauma, kenako n'kuyamba kusupuka m'makona. Guluu womatira siponji amafewa, siponji n'kusuntha mkati, sofa n'kuoneka ngati yatupa mbali imodzi. Fumbi la mathiraki a nzimbe nalo silipempha chilolezo. Pofika mwezi wachiwiri mudzakhala mukugulitsa katundu wakale pa mtengo wotsitsa, ngongole ikadali yatsopano.

Choonetsa muli nacho kale, chili pabalaza pa alamu. Pitani mukaijambule mbali zinayi masana, muike pa WhatsApp ndi pa Facebook, musindikize chithunzi chimodzi chachikulu mupachike pa shedi. Onjezani tizidutswa ta nsalu 8 kapena 10 tosokerera pa katoni kuti kasitomala azigwira. Zonsezi sizifika K30,000.

Sofa yachilendo imakhomedwa pa oda, ndipo oda imayamba ndi dipoziti. Mtengo wake mumaupeza motere: zipangizo K426,000, kuonjeza masiku 9 pa K35,000 yomwe mumapeza kale patsiku, ndi K315,000. Zonse K741,000, tingoti K750,000. Dipoziti ya 60 peresenti ndi K450,000, yokwana kugula chilichonse osakhudza thumba lanu. Mukalandira, zipangizo mugule sabata yomweyo, ndipo mtengo womwe mwatchula ukhale wa masiku 14 okha. Amene anatchula mitengo sabata yoyamba ya Novembala 2023, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti, n'kudzagula siponji pambuyo pake, akudziwa chifukwa chake. Ndalama yotsala iperekedwe sofa isanakwere galimoto. Wonena kuti K750,000 yachuluka musakangane naye, muonetseni wamba ya K400,000.

Yachiwiri siidzadyanso masiku 9 ngati munasunga patani. Munasunga? Chidutswa chilichonse cha felemu, cha siponji ndi cha nsalu chijambulidwe pa katoni yolimba, chilembedwe dzina ndi muyeso, chipachikidwe pa msomali. Masiku atatu mwa 9 aja munathera kuyesa ndi kuphwasula. Ndi patani mudzatsika kufika pa 6, mtengo osautsitsa, ndipo phindu la masofa achilendo limabisala pamenepo.

Tsopano kope. Gulani kope la ana asukulu, sofa iliyonse ikhale ndi tsamba lake. Pamwamba dzina la kasitomala, mtengo ndi tsiku. Kumanzere chilichonse chomwe chatuluka: mamita a nsalu, siponji, matabwa, malamba, misomali, guluu, ulusi, zipu, ya telala wosoka makava, ya mnyamata wopala matabwa, ya minibasi, ya kabaza, ngakhale mayunitsi omwe munaimbira ku sitolo. Kumanja zomwe zalowa, ndi tsiku lake, kaya ndi pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pansi masiku omwe mwagwira. Akalipentala amakumbukira muyeso wa chitseko chomwe anakhoma zaka zisanu zapitazo, koma afunseni guluu wa sabata yatha. Zing'onozing'onozo ndi zomwe zimadya sofa, ndipo mutu suzisunga. Mukanakhala ndi tsamba la sofa ya mwezi, kalata iyi simukanalemba.

Poti mwafunsa kuti muyambe ndi iti, ndiyankhe. Ya L, ndipo ikhale pa oda. Ndi masofa owongoka awiri ndi kabokosi ka pakona, palibe chopinda, palibe nsalu yotayika, koma maso a kasitomala amaona chinthu chamakono. Ikhomeni m'zigawo zitatu zolumikiza ndi mabawuti awiri mbali iliyonse. Zitseko zambiri ndi za masentimita 80 kapena kuchepera, ndipo sofa ya chigawo chimodzi yomwe yakana kulowa imabwerera ku shedi ndi mwini wake akufuna dipoziti. Musanacheke thabwa, pitani ndi tepi kunyumba kwake mukayeze chitseko, pokhotera ndi khoma. Ya mwezi nayonso izigawidwa pawiri.

Ya bwato isiyeni pa foni. Kumapeto kwake kosongoka sikukhala munthu, ndiye mumakhoma mamita atatu kuti pakhale anthu awiri. Mukati mugule bwato lakale kwa asodzi a mu Shire kuti muliseme, dziwani kuti msodzi sataya bwato lomwe likadali lolimba. Lomwe angakugulitseni ndi lofumbwa kunsi, lolemera mofuna amuna anayi. Zotere amagula ndi eni malo ogona alendo cha ku Majete kapena ku Lengwe, ndipo iwo amayamba aitanitsa.

Chachilendo chomwe chingayende kwanuko ndi chomwe chikudziwa kuti kuno ndi ku Chigwa. Anthu anaona madzi a 2015, a namondwe wa Ana mu 2022, a namondwe wa Freddy mu 2023. Sofa yokutidwa mpaka pansi ikamwa madzi a matope yatha, siponji siuma mkati ndipo fungo silichoka. Khomani ya felemu yoonekera ya thabwa louma bwino, miyendo yotalika masentimita 20, pokhalira pa timatabwa totalikirana kuti mphepo izidutsa, makushoni ochotseka a zipu. Madzi akamabwera makushoni amakwera pamwamba pa kabati, felemu imatsukidwa n'kupakidwanso vanishi. Potsamira ndi m'mbali muluke ndi mlaza kapena nsungwi, oluka muli nawo pafupi ndipo safuna ndalama yakunja. Pamenepo mwachotsa pafupifupi theka la nsalu ndi siponji, zomwe ndi zodula kwambiri pa sofa, koma mtengo simutsitsa. Masana a Okutobala munthu amakhalapo osamatirira ngati pa leza. Miyendo yotalikayo imathandizanso kuti tsache lilowe ndi kuti njira ya chiswe ioneke isanafike pa felemu. Chenjerani ndi thabwa laliwisi: kutentha kwa kwanuko kumaliumitsa mofulumira, limafota, polumikiza n'kuyamba kugwedera miyezi iwiri isanathe. Ligoneke pamthunzi ndi timitengo pakati kwa masabata angapo musanaligwiritse ntchito.

Ina yosavuta ndi yokhala ndi madilowa awiri kunsi osungira zofunda, kapena yotsamira pogonetseka kuti ikhale bedi. Pakhomo pofika alendo a maliro ndi a ukwati, imeneyo imadzigulitsa yokha, ndipo chowonjezera ndi mahinjesi ndi pulayiwudi imodzi. Pokhalira pasatsike masentimita 42 kuchoka pansi, agogo azitha kudzuka okha. Siponji ya pokhalira ikhale yolimba ya mainchesi 4 kapena 5, yofewa yotchipa ipite kotsamira. Nsalu, poti munafunsa: yolukidwa yokhuthala, ya mtundu wa dothi kapena wotuwa, yochapika.

Nthawi yotsatsa ndi pomwe ndalama zili m'manja mwa anthu: kumapeto kwa mwezi ku esiteti ya Illovo nyengo yodula nzimbe, pogulitsa thonje, komanso alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata akalandira. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi ndi chimanga, musakhome chodula.

Tibwerere kwa alamu. K150,000 yopanda tsiku si ngongole, ndi mphatso yomwe simunavomereze. Chibale ndi fupa sichiola, n'zoona, koma ku sitolo ya nsalu ku Limbe salandira chibale. Musatume mayi, musalembe uthenga pa foni. Pitani nokha ndi kope lija tsiku lomwe mukajambule sofa, mukhale pa sofa yomweyo, muiyamikire, kenako muwaonetse tsamba la K426,000 kuti aone okha zomwe inadya. Gwirizanani K50,000 kumapeto kwa mwezi uliwonse kwa miyezi itatu, masiku ake alembedwe, asayinire pomwepo. Oyandikana nawo akafunsa mtengo, alamu awauze K750,000, osati ya pachibale ija.