Kodi Kudziwa Mbiri Yakale Kumathandiza Posankha Zochita Lero?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wangopatsidwa kumene udindo woyang'anira anzake kuntchito, ndipo tsopano akuyenera kugamula nkhani zokhudza anthu ambiri. Iye akuti amakonda kuwerenga mbiri yakale, koma mnzake wina anamuuza kuti akungotaya nthawi, popeza dziko la makompyuta ndi intaneti silifanana ndi limene makolo ankakhalamo, komanso atsogoleri ambiri ophunzira bwino mbiri anayambitsabe nkhondo zosafunikira. Tsono funso lake ndi lakuti, kodi kudziwa zimene zinachitika kale kumamuthandizadi munthu posankha zochita pa nkhani zikuluzikulu, kapena kumangokometsa macheza?

Zikomo kwambiri inu amene mwandilembera, chifukwa funso limeneli lakhala likundisowetsa mtendere inenso kwa zaka zambiri. Yankho langa ndi lakuti kumathandiza ndithu, ngakhale kuti mnzanuyo sanalakwitse zonse, ndipo mbali imene wanena zoonayo ndi imene ndikufuna tiionetsetse.

Pali chilumba china chotchedwa Simeulue, kumadzulo kwa Sumatra m'dziko la Indonesia. M'chaka cha 1907 kunachitika chivomezi, kenako nyanja inasefukira n'kupha anthu ambiri pachilumbapo. Amene anapulumuka anayamba kuuza ana awo, ndipo anawo anauzanso ana awo, kuti nthaka ikadzagwedezeka kwambiri, madzi a m'nyanja n'kubwerera m'mbuyo kusiya mchenga poyera, munthu asadzataye nthawi kuyang'ana kapena kutola nsomba, koma adzathawire kumtunda. Tsoka lotereli analipatsa dzina lakuti smong. Pa 26 December 2004, patatha zaka 97, nthaka inagwedezekanso. M'madera ena a m'mbali mwa nyanja ya Indian Ocean anthu anatsetserekera kugombe kukaona chodabwitsa cha madzi akuphwawo, ndipo mafunde anawapeza komweko, moti m'mayiko onse okhudzidwa munafa anthu oposa 220,000. Koma pa Simeulue, pamene panali pafupi kwambiri ndi pamene chivomezicho chinayambira, anthu ananyamula ana ndi okalamba n'kukwera mapiri, ndipo mwa anthu pafupifupi 78,000 anafapo 7 okha. Pafupifupi onse amene anathawawo sanaonepo tsoka la 1907 ndi maso awo, koma anasankha bwino m'mphindi zochepa chifukwa cha nkhani imene inasungidwa. Mawu a akulu anakoma atagonera zaka pafupifupi 100.

Nkhani imeneyi ikusonyeza phindu loyamba la mbiri, limene ine ndimaliona kuti ndi losatsutsika. Moyo wa munthu ndi waufupi, pamene zinthu zina zoopsa kwambiri zimabwera kamodzi pa mibadwo itatu kapena inayi, choncho wodalira zimene waona yekha amayamba kukhulupirira kuti chimene sanachionepo sichingachitike. Zimenezi zinaonekanso pa nkhani ya chuma. Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki masauzande ambiri anagwa ku United States, anthu anataya ndalama zimene anasungitsa, ngongole zinasowa, ndipo mafakitale anatsekedwa. Ben Bernanke, amene anathera zaka zambiri akufufuza mmene kugwa kwa mabankiwo kunakulitsira mavuto a nthawi imeneyo, ndiye anali mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo pamene banki ina yotchuka yotchedwa Lehman Brothers inagwa mu September 2008. Iye ndi anzake anatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupifupi ziro ndi kuthira ndalama zambiri m'mabanki, pofuna kuti za 1930 zisabwerezeke. Anthu amatsutsanabe ngati zonse zimene anachita zinali zachilungamo kwa amphawi amene analandidwa nyumba, ndipo mkangano umenewo ndi woyenera, koma n'zoonekeratu kuti iye anazindikira msanga kukula kwa ngoziyo chifukwa anali ataiphunzira kale.

Tsopano tifike pamene mnzanu wanena zoona. Mu September 1938 nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, anapita ku Munich m'dziko la Germany n'kuvomereza kuti Adolf Hitler, wolamulira dzikolo, atenge chigawo cha Sudetenland m'dziko la Czechoslovakia. Ambiri lero amanena ngati kuti Chamberlain anali munthu wosadziwa mbiri, koma zoona zake n'zakuti mbiri ndi imene inamutsogolera. Iye ndi anthu a m'badwo wake ankakumbukira bwino nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inapha achinyamata mamiliyoni ambiri, ndipo phunziro limene anatengapo linali lakuti nkhondo ina iyenera kupewedwa mwa njira iliyonse. Mu March 1939 asilikali a Hitler analowa mu Prague, likulu la Czechoslovakia, ndipo mu September chaka chomwecho nkhondo inabuka.

M'badwo wotsatira unatenga phunziro lotsutsana ndi limenelo, lakuti wolamulira mwankhanza usamamunyengerere. Anthony Eden, amene anatula pansi udindo wa nduna ya zakunja mu February 1938 posagwirizana ndi mmene Chamberlain ankachitira ndi Mussolini, wolamulira mwankhanza wa Italy, anali nduna yaikulu mu 1956 pamene pulezidenti wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, anaika ngalande ya Suez m'manja mwa boma la Egypt. Eden atamuyang'ana Nasser anaona olamulira ankhanza a zaka za m'ma 1930, ndipo anagwirizana mwachinsinsi ndi France ndi Israel kuti athire nkhondo Egypt. Chimene sanachione n'chakuti Nasser anali mtsogoleri wa dziko limene linkadzimasula ku ulamuliro wa atsamunda, kuti Britain analibenso mphamvu zakale, ndiponso kuti boma la pulezidenti Eisenhower ku United States silikanamuthandiza. Asilikali anabwezedwa mwamanyazi, ndipo mu January 1957 Eden anatula pansi udindo. Amuna awiriwa, Chamberlain ndi Eden, onse ankaidziwa mbiri, ndipo onse anakodwa mumsampha umodzi, wotenga chochitika chimodzi chimene chinawapweteka kwambiri n'kuchiyesa muyeso wa zonse.

Mwina mungafunse kuti n'chifukwa chiyani mbiri inapulumutsa anthu a ku Simeulue koma inasocheretsa Eden. Ine ndimaona kuti kusiyana kwake kuli pa chimene chikuyerekezedwacho. Nyanja ya 2004 inachita zimene nyanja ya 1907 inachita chifukwa zoyambitsa zake sizinasinthe, ndipo mantha a anthu othamangira kubanki kukatapa ndalama zawo amayenda mofanana m'mibadwo yonse. Koma ukayerekezera munthu ndi munthu, kapena dziko ndi dziko, kawirikawiri umakopeka ndi kufanana kwa pamwamba, monga kalankhulidwe kaukali kapena yunifolomu yausilikali, n'kuiwala kufufuza zimene munthuyo akufuna, mphamvu zimene ali nazo, ndi amene ali pambuyo pake.

Pali chitsanzo chimodzi chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa nkhani ziwiri zakale zinakumana patebulo limodzi. Mu October 1962 boma la United States linatulukira kuti Soviet Union ikuika mizinga ya nyukiliya ku Cuba. Mkulu wa asilikali a m'ndege, Curtis LeMay, anauza pulezidenti John F. Kennedy kuti kungotchinga zombo panyanja osaponya mabomba kunali pafupifupi kofanana ndi kunyengerera kwa ku Munich. Kennedy ankaidziwa bwino nkhani ya Munich, koma ankaganiziranso za 1914, pamene mayiko a ku Ulaya analowa m'nkhondo pang'onopang'ono, aliyense akuyankha zochita za mnzake mpaka panalibenso wotha kubwerera. Popeza anali ndi nkhani ziwiri m'mutu, sanakakamizike kumvera imodzi, ndipo anatha kudzifunsa kuti ndi iti imene ikufanana ndi vuto limene linali patsogolo pake. Anasankha kutchinga zombo ndi kumusiyira mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, mpata wobwerera, kuphatikizapo lonjezo lachinsinsi lochotsa mizinga ya America ku Turkey, ndipo pa 28 October Khrushchev analengeza kuti achotsa mizinga ku Cuba. Mwayi unathandizapo ndithu, koma ndimachita mantha ndikaganiza zimene zikanachitika akanakhala kuti onse m'chipindamo ankadziwa Munich yokha.

Choncho mukamuyankha mnzanuyo, muuzeni kuti atsogoleri amene akuwanenawo sanalakwitse chifukwa chodziwa mbiri yambiri, popeza ambiri a iwo anagwiritsitsa nkhani imodzi. Ndipotu munthu amene amati mbiri ilibe ntchito nayenso amagwiritsa ntchito mbiri, kungoti yake ndi ya zaka zochepa zimene wakhala ndi moyo ndi mphekesera zimene anamva. Zoti makompyuta asintha dziko n'zoona, ndipo kusinthako kuyenera kuwerengedwa pa mndandanda wa zosiyana, koma sikunachotse mantha, dyera, kunyada ndi kuiwala m'mitima ya anthu ogwiritsa ntchito makompyutawo.

Pa udindo wanu watsopanowo, ndikulangizeni chinthu chimene ine ndimachita. Nkhani yovuta ikafika ndipo mumtima mwanu mwabwera mawu akuti zimenezi n'zofanana ndi zakutizakuti, tengani pepala mulembe mbali imodzi zimene zikufanana, mbali inayo zimene zikusiyana, kenako mufunefune chochitika china chakale chimene chikuloza kwina. Musaiwalenso mbiri ya pamalo pamene mukugwira ntchitopo, imene anthu ambiri olandira udindo amainyalanyaza. Musanachotse lamulo limene likuoneka lachabechabe, tsegulani mabuku a zokambirana za misonkhano yakale muone chaka chimene linaikidwa ndi vuto limene linachititsa, ndipo mukhale pansi ndi wantchito amene wakhalitsa kuposa onse mumufunse zimene zinayesedwapo kale n'kulephereka. Mukapeza kuti vutolo linatha kalekale, lichotseni lamulolo mosaopa. Mukapeza kuti vutolo likadalipo koma langokhala zaka zambiri osaonekera, lisiyeni, ndipo muwafotokozere anzanu chifukwa chake, kuti nawonso adzathe kuuza amene adzabwere pambuyo pawo.