Kodi mawu a Chingerezi onena za kuvala amasiyana bwanji?

Funso: Akonzi, ndikukonzekera mayeso a MSCE, ndipo powerenga ndimakumana ndi mawu akuti dressed, clothed, clad ndi covered. Kodi onsewa amangotanthauza kuvala? Ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Ayi, amasiyana, monga momwe ifenso sitinena kuti munthu wavala bulangete koma kuti wafunda.

Mawu a tsiku ndi tsiku ndi dressed, omwe amanena za munthu amene wavala zoti angatuluke nazo pagulu, ndipo akatchena amati dressed up. Koma samalani, chifukwa mukaona dressed chicken m'sitolo za ku Old Town, nkhukuyo sinavale kanthu, koma yaphedwa, yasosoledwa ndi kutumbulidwa kuti ingophikidwa. Chilonda chimene namwino watsuka ndi kumanga nachonso amati dressed.

Clothed amangosonyeza kuti munthu sali maliseche, osatchula ubwino wa zovalazo, ndipo amapezeka kwambiri m'zolembedwa. Clad ndi mbale wake wakale, popeza onse awiri amachokera ku mneni clothe, koma masiku ano mawuwa amakonda kuphatikizidwa ndi ena, monga leather-clad, wovala zachikopa, kapena snow-clad, phiri lokutidwa ndi chipale chofewa. Omanga nyumba nawonso ali ndi cladding, zinthu zokutira khoma kunja, zomwe zinatchuka pamene moto unafalikira kudzera m'zokutira zotere pa nyumba ya Grenfell Tower ku London m'chaka cha 2017.

Covered ndiye amakwana paliponse, kaya ndi mphika wovundikira, mwana wofunditsidwa, ngakhale galimoto yomwe ili pa inshulansi. Pali enanso amene simunawatchule. Katundu wokulungidwa ndi wrapped, mkwatibwi wophimba nkhope ndi veiled, pamene shrouded amachokera ku nsalu yokulungira maliro, ngakhale amanenanso za phiri lobisika m'chifunga.

Polemba chimangirizo gwiritsani ntchito dressed ponena za anthu, ndipo clad muziwasungira malo amene mukufotokoza mtundu wa chovala kapena chokutira, chifukwa kungolemba kuti munthu anali clad, osanena kuti anavala chiyani, kumasiya chiganizo m'malere.