Kodi kuwala kungakhale ndi reference frame yakeyake?

Achimwene, mwafunsa kuti munthu atamayenda limodzi ndi kuwala pa liwiro lake angaone chiyani, komanso ngati n'zoona kuti kwa kuwala nthawi inaima. Kuwala kulibe frame yake, ndipo chifukwa chake chili pamaziko penipeni pa zimene Einstein analemba mu 1905.

Tikati frame ya chinthu, tikunena woyeza amene wanyamula wotchi ndi rula, akuyenda pamodzi ndi chinthucho moti kwa iyeyo chili phee, liwiro lake ndi 0. Koma lamulo lachiwiri la Einstein likuti woyeza aliyense woyenda pa liwiro losasintha, osakhota, amapeza kuti kuwala kukuthamanga mamita 299,792,458 pa sekondi m'malo opanda kanthu kalikonse. Liwiro limeneli timalitcha c. Ndiye frame ya kuwala ikanafuna kuti kuwalako kukhale pa 0 ndi pa c nthawi imodzi. Zimenezo sizingatheke.

Masamu nawonso amakana. Nambala yosonyeza kuchedwa kwa wotchi yoyenda ndi γ = 1/√(1 − v²/c²), pamene v ndi liwiro la wotchiyo. Pa 0.6c (kutanthauza 0.6 kuchulukitsa ndi c) imatuluka 1.25, pa 0.99c pafupifupi 7. Mukaika v = c mukugawa ndi ziro, ndipo palibe yankho.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa, ndipo ndikupemphani muonetsetse bwino. Amati poti γ ikukulirakulira, ndiye kuti pa c nthawi yaima. Ayi. Ngakhale mutathamangitsa kuwala pa 0.999999c, mukakuyeza mupeza kukukuthawanibe pa c yathunthu. Simunachepetse liwiro lake n'pang'ono pomwe. Chosintha ndi mtundu wake. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo pa 0.99c mafunde ake amatalika kuwirikiza pafupifupi ka 14, moti kuwala kobiriwira kumasanduka infrared, maso osakuonanso.

Yerekezani ndi muon, kanthu kochepa kuposa atomu kobadwira mumlengalenga makilomita ngati 15 m'mwamba. Moyo wake ndi ma microsecond 2.2 (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), okwanira kuyenda mamita 660 okha ngakhale pa liwiro loyandikira c, komabe ambiri amafika pansi. Muon ili ndi mass (kulemera), imayenda mochepera c, choncho frame yake ilipo: kwa iyo, mtunda ndi umene wafupika.

M'madzi nkhani ndi ina. Kuwala kumayendamo pafupifupi makilomita 225,000 pa sekondi, ndipo electron (kanthu kakang'ono kopezeka mu atomu) yothamanga kwambiri imakupitirira. Kuwala kwabuluu kwa m'madzi a reactor (makina opangira mphamvu ya nyukiliya), kotchedwa Cherenkov, kumachokera pamenepo.