Kalata yopita kwa county judge siyimitsa mlandu wa nyumba ku Houston

Achemwali, mwafunsa ngati achimwene anu a ku Houston, mzinda wa ku Texas ku America, angalembere kalata county judge kuti awateteze, popeza eni nyumba awapatsa pepala loti atuluke chifukwa cha ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Chonde aimbireni lero lomwe muwauze kuti asatayirepo nthawi pa kalatayo. Mlandu wa nyumba ku Texas suchedwa, ndipo khomo limene akufuna kugogodalo si limenelo.

Chimene chimasocheretsa anthu ndi dzinali. Texas ili ndi ma county 254 (zigawo zonga maboma a kwathu), ndipo iliyonse ili ndi county judge wake wochita kuvoteredwa zaka 4 zilizonse. Iyeyu amakhala wapampando wa Commissioners Court, gulu la anthu 5 limene limakonza bajeti, kuika msonkho wa malo ndi nyumba, kuyang'anira misewu ndi kupereka ndalama zoyendetsera ndende. Likatchedwa khoti musaganize kuti kumazengedwa milandu. Malamulo a Texas a mu 1876 safuna n'komwe kuti county judge akhale loya, amangoti azidziwa bwino malamulo a boma. M'ma county a kumidzi, monga Loving imene inapezeka ndi anthu 64 okha pa kalembera wa 2020, county judge amathanso kumva milandu ing'onoing'ono ndi ya chuma cha masiye. Koma ku Harris County, kumene kuli Houston, anthu ndi oposa 4.7 miliyoni, ndipo ntchito ya county judge, mpando umene Lina Hidalgo anapambana mu 2018 ali ndi zaka 27, ndi ya bajeti, madzi osefukira ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ngakhale atawerenga kalatayo n'kumva chisoni, alibe mphamvu yoimitsa mlandu wa lendi.

Mlandu wa achimwenewo upita kwa justice of the peace, woweruza wa khoti laling'ono la dera limene kuli nyumbayo. Ku Harris County makhoti amenewa alipo 16. Pepala limene alandiralo ndi chenjezo chabe, kawirikawiri la masiku 3, pokhapokha pangano la nyumba litanena zina. Masikuwo akatha eni nyumba amakasuma, ndipo mlandu umamvedwa pakati pa masiku 10 ndi 21 chisumireni. Mpaka khoti litalamula, palibe amene ali ndi ufulu wowatayira katundu panja.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli. Ndinaperekezapo mnzanga ku khoti lotereli m'mawa wina. Chipinda chinali chodzaza, ena ali mu yunifolomu ya kuntchito, mayi wina ali ndi mwana pamiyendo ndi envulopu ya malisiti m'manja. Kalaliki ankaitana mayina motsatizana. Dzina likaitanidwa popanda woyankha, woweruza ankangogamula mokomera eni nyumba, osatha ndi mphindi imodzi yomwe, n'kupita pa dzina lina. Ambiri amene analuza tsiku limenelo sanaluze chifukwa chosowa chonena, anangokhala kunyumba chifukwa cha mantha kapena poopa kujomba kuntchito. Mnzangayo anabwera ndi malisiti ndi mauthenga a pafoni atawasindikiza papepala, ndipo anamvana ndi eni nyumba panja pa chipindacho kuti azilipira pang'onopang'ono.

Ndiye achimwenewo apite ndithu, afike msanga, atenge pangano la nyumba, malisiti onse ndi zithunzi ngati pali zowonongeka zimene eni nyumba sanakonze. Akaluza ali ndi masiku 5 okha ochitira apilo ku khoti lokulirapo lotchedwa County Civil Court at Law, kumene woweruza wake ndi loya ndipo mlandu umayambanso poyambirira. Ngati alibe ndalama za apilo, pali fomu yolumbira kuti sangakwanitse, koma lendi ayenera kumaipereka ku khoti pamene akudikira. Akapanda kuchita apilo, eni nyumba amatenga chilolezo cha khoti, wapolisi wa khoti (constable) n'kubwera kudzamata chidziwitso cha maola 24 pachitseko.

Asanafike pamenepo aimbire a bungwe la maloya la Lone Star Legal Aid, amene amathandiza anthu opeza movutikira popanda kulipiritsa. Ndipo chikabwera chikalata cha kukhoti, tsiku ndi adiresi zimene zalembedwapo azijambule pafoni n'kukutumizirani inunso, kuti muziwakumbutsa.